Ng'ombe za lobola zochokera ku Holland

Chaka chatha, nyengo ija masamba amayoyoka kuno ndipo mdima umagwa ana akungofika kumene kuchokera kusukulu, apongozi anga aamuna anauza mwana wawo kuti awasinthire tikiti abwerere kumudzi msanga. Anabwera kudzakhala nafe kuno ku Ulaya, ku Thamesmead, atataya akazi awo, ndipo tinagwirizana kuti akhala mpaka Pasaka. Koma sanakhalitse n'komwe, mtima unali utabwerera kale.

"Muno ndine katundu," anatero kwa amuna anga, ine ndikumvera kukhitchini. "Ndimadya, ndimagona, ndimayang'ana mabasi pazenera. Bola ndikakhale chete kwathu, kumene ngakhale nkhuku zimandiyankha."

Ine zinandipweteka pawiri. Choyamba, ndisaname, iwo ndi amene ankakanditengera ana kusukulu ndikakhala pa shifiti kunyumba yosamalira okalamba. Chachiwiri, ana anga anali asanawadziwe agogo awo. Koma ndikanawauza bwanji? Kwathu mpongozi sacheza ndi apongozi aamuna maso ndi maso, ukakumana nawo panjira umapatukira patchire. Tsono fulati yathu ilibe tchire. Kanjira kopita kuzipinda n'kopanikiza, moti tikakumana ine ndinkalowa m'bafa n'kuima momwemo mpaka adutse, nthawi zina mbale zili m'manja. Anawo ndinawalangiza kuti agogo akamayankhula azikhala chete, manja pamiyendo, n'kumati "inde agogo". Ndipo ankaterodi, nkhope zili gwa ngati akudikira dokotala wa mano.

Loweruka lina masana kunja kukugwa mvula, amuna anga atapita kukayendetsa basi, khanda langa linagona movutikira. Ndinazimitsa mawu a TV n'kusiya zithunzi zokha. Tadala, mwana wanga wamkulu, ndi mlongo wake wamng'ono Mphatso anakhala pansi akuonera mbalame zija za kumalo oundana, zoyenda choimirira ngati azibambo ovala masuti. Agogo anali pampando wawo wa pazenera. Ine ndikusenda anyezi ndinangomva mawu achilendo, onenepa, akuchokera pabalaza.

"Pepani anzanga, ndachedwa ku msonkhano. Akazi anga anandibisira nsapato."

Kenaka mawu ena, aang'ono, okwiya: "A tcheyamani, musatinamize, tonse muno tilibe nsapato!"

Mbalame ina inaterereka n'kugwa chamimba. "Uyu ndi mlembi wathu. Anayamba wadutsa kumowa."

Mphatso anaseka mpaka kugubuduka. Tadala anacheuka, maso ali tong'o, n'kufunsa m'Chichewa chake chosakaniza chija kuti, "Grandpa, munaphunzira kuti zimenezo?"

Ndinasiya mpeni kuti ndimve bwino. Zimene ananena ndi izi, monga momwe ndikuzikumbukira.

"Kale, adzukulu anga, ine tsitsi likadali bii, kanema sankakhala m'nyumba ya munthu ngati mphaka, ayi. Kanema ankabwera ngati mlendo, ndipo tinkamudikira, ndipo akabwera tinkasamba. Inu lero mumangodina ndi chala, chithunzi chisanathe mwadina china, koma ife kanema wathu ankabwera m'zitini. Usaganize za chitini cha nyemba, Mphatso. Zinali zitini zozungulira, zaphwatalala ngati lichero, ndipo m'kati mwake mudali lamba wautali wokulungiza, wa tizithunzi ting'onoting'ono tondondozana ngati linthumbu.

"Ku mishoni kwathu, kuseri kwa mapiri a ku Dedza, kudali wansembe wina wokalamba wochokera ku Holland. Ife tinkangoti Bambo Chindevu, chifukwa ndevu zawo zinkafika m'mbale iwo asanayambe kudya. Chichewa ankachidziwa bwino, koma ankachiyankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Iwowo ndiwo adandiuza kumene zitinizo zidayambira. Akuti kwawoko, iwo asanabadwe, kudali munthu wina woyendayenda ndi tenti m'misika ya zisangalalo, akuonetsa anthu zithunzi zoyenda. Masiku amenewo aliyense woonetsa ankagula filimu yakeyake, koma filimu si khasu loti ungalimire chaka ndi chaka, anthu akaionera kawiri atopa nayo. Ndiye munthu uja adakhala pansi n'kuganiza kuti, bwanji ine ndigule zambiri, anzangawa ndiziwabwereka, akatha abweze, ndipatse wina? Kampani idayambira pomwepo, m'mutu mwa munthu wa tenti, ndipo idakula mpaka kukhala ndi nyumba yodzaza zitini kuyambira pansi mpaka kudenga.

"Tsono bambo ake a wansembeyo ndiwo adali onyamula zitini pakampanipo. Ankakwera nazo sitima, kutsika apa, kusiya ziwiri, kutenga zina, kuthamangira kwina, chifukwa filimu ikachedwa anthu a tauni yonse akhala pabenchi akuyang'ana nsalu yoyera. Ndipo filimu inkayenda ngati malaya a m'banja la ana ambiri. Ikakhala yatsopano inkayamba m'mizinda ikuluikulu kwa anthu a mataye, ikasuluka pang'ono ipite m'matauni aang'ono, ikachita zigamba ipite kumidzi. Atabwera mafilimu oyankhula, osayankhula aja adasowa wowafuna, ndipo mlongo wake wa wansembe ndiye ankapempha otsalawo n'kumatitumizira. Ife tidali mzime wa dziko lonse lapansi. Pofika kwa ife zithunzi zidali zitakandikakandika, mizeremizere yokhayokha kuchokera kumwamba, moti amayi anga adamwalira akukhulupirira kuti ku Ulaya mvula siikata, ngakhale m'nyumba."

Apa anayang'ana pazenera, madzi akutsetsereka pagalasi. "Ndafika kuno ndaona kuti sadalakwe kwenikweni."

Ana anaseka, koma atakumbukira malangizo anga anabweza manja pamiyendo.

"Mafilimuwo, monga ndanena, adalibe mawu. Anthu ankangotsegula pakamwa ngati nsomba, ndipo pakatipakati pankabwera zolemba za chiyankhulo cha kwawoko, zimene ngakhale aphunzitsi athu ankangoziyang'ana n'kutsokomola. Bambo Chindevu sakadatha kufotokoza, chifukwa manja awo adali pa makina, akupukusa ngati akupera chimanga, thukuta lili kamukamu. Ndiye tsiku lina adandiitana. Ine n'kuti atandichotsa m'kwaya chifukwa cholongolola. Adati, 'Iwe pakamwa pako Mulungu adapanga tsiku lopuma, adali ndi nthawi yambiri. Kwathunso kale kunkakhala munthu woima pambali pa nsalu ndi ndodo, kumauza anthu zimene zikuchitika. Tenga ndodo iyi.' Ndidafunsa kuti, nanga ndidziwa bwanji zimene akunena azunguwa? Iwo adati, 'Yang'ana nkhope. Zotsalazo ndi zako.'

"Tinkaonetsa Lamulungu Misa ikatha, m'kalasi ya sukulu, mazenera titatseka ndi mphasa ndi mabulangete obwereka. Amuna mbali iyi, akazi mbali iyo, ana kutsogolo pafumbi, ndipo kumbuyo kwenikweni kunkaima Angoni a kutsidya kwa mtsinje, amene ankabwera mochedwa koma ndi phokoso lokwanira. Inu kuno ndamva kuti mukapita ku kanema mumakhala chete mumdima ngati muli pamaliro, wina akatsokomola mumamuyang'ana. Ife ayi. Wakuba akabisala kuseri kwa chitseko, anthu ankakuwa kuti, 'Ali kumbuyoko, iwe!' Ndipo agogo ena adaponyapo chitsononkho pansalu.

"Tsono mverani za tsiku lija. Zitinizo sizinali zathu tokha, zinkazungulira m'masiteshoni onse a mishoni, ndipo filimu imodzi inkakhala m'zitini ziwiri, choyamba ndi chomaliza. A katekisi athu adapalasa njinga kukazitenga kumene zidagona sabata imeneyo. Mapepala omata pazitini adali atafufutika, ndipo ngakhale akadakhala owala, a katekisi akadawerenga chiyani? Adangoona zitini ziwiri zogundana pashelefu, n'kumanga pakaliyala, ulendo.

"Chitini choyamba chidayenda bwino zedi. Mudali mkulu wina wonenepa, wa buluku la mandalasi, ine ndidamutcha Chimimba. Chimimba ameneyu adakonda mwana wamkazi wa munthu wophika buledi. Akabwera ndi maluwa, bambo wa mtsikana amutaya kunja. Akalowera pazenera, akanirira pamimba. Ine ndili pambali ndi ndodo yanga, mawu a Chimimba ndine, a mtsikana ndine, a bambo wolusa ndine, ngakhale galu ndine ndemwe. Chitinicho chidathera pamene bambo uja akumuthamangitsa ndi chithabwa chotulutsira buledi, Chimimba n'kudziponya mumngalande, chipewa chokha chikuyandama. Anthu adakuwa. Ine ndidati, 'Khalani pomwepo abale, tione ngati chikondi chimadziwa kusambira!'

"Bambo Chindevu adasintha chitini, adayamba kupukusa. Pansalu padatuluka ng'ombe.

"Ng'ombe, adzukulu anga. Zamawangamawanga, zakuda ndi zoyera, zonenepa ngati sizinaonepo chilimwe, zitangoima m'dambo lopanda ndi chulu chomwe, zikutafuna. Ndidadikira kuti mwina Chimimba atulukira kumbuyo kwake. Kudabwera ng'ombe zina. A katekisi adali atatenga chitini cha filimu yophunzitsa za ulimi wa mkaka.

"Ine amene adandichotsa m'kwaya chifukwa cha pakamwa, tsiku limenelo pakamwa padauma. Ndodo ili m'manja, lilime lakana. Anthu adayamba kung'ung'udza. 'Chimimba ali kuti? Wamira?' Mayi wina adayamba kulira ndithu. Ena kumbuyo adayamba kusuntha mphasa ya pakhomo kuti azipita, ndipo ndidaona Bambo Chindevu akuchepetsa dzanja, akufuna kuimitsa. Ndidadziwa kuti akaimitsa, ndodo ija ndaitaya.

"Pamenepo mawu adachokera kumbali ya akazi, mumdima, akuthwa ngati singano. 'Inu a ndodo, mwagona? Simukuona? Mkamwiniyo ndi Mngoni! Wapita kwawo kukatenga ng'ombe za lobola!'

"Kalasi yonse idaphulika. Angoni kumbuyo kuja adayamba kuponda pansi, akukuwa kuti, 'Eya! Ndi wathu ameneyo! Ife sitikwatira ulele ngati inu Achewa!' Amalume anga adaimirira n'kubweza kuti, 'N'chifukwa chake wanenepa, wadya za alongo ake!' Ndipo ine lilime lidamasuka. Ndidaloza ndi ndodo n'kunena kuti, 'Zoonadi abale, Chimimba adasambira mpaka kwawo, ndipo izi ndi ng'ombe zimene atsibweni ake asonkha. Iyi yatembenukayi ikukana, ikuti mtsikanayo siyinamuone.'

"Kudabwera mayi wa chipewa choyera, wakhala pakampando, akukama. Ndidati, 'Awa ndi apongozi, abwera kudzayesa ngati ng'ombezi zili ndi mkaka.' Mawu aja adabweranso. 'Bodza! Amenewo ndi azakhali a mkwati! Taonani nkhope yansanjeyo, akufuna akame kaye zisanapite!' Kudabwera amuna ovala nsapato zamatabwa, akugubuduza zinthu zozungulira zikuluzikulu, zimene ndidadzamva pambuyo pake kuti ndi tchizi. Ndidati, 'Awa ndi mawilo a ngolo yonyamula mkwatibwi.' Iye adati, 'Ngolo ya mawilo ofewa idapita kuti? Ndi zigumu za paukwati zimenezo!' Ndikaponya, abweza. Ndikakwera, andigwetsa. Ndipo ndikuuzeni, sindidafotokozepo filimu bwino ngati tsiku limenelo, chifukwa ntchito imeneyi si ya munthu mmodzi, imafuna wina wokukoka malaya.

"Kumapeto kwake kudaoneka ana ambirimbiri atandandalika pabenchi, masaya ali phwii, akumwa mkaka m'makapu. Apo sindidadikire kuti andiphangire. Ndidati, 'Patapita zaka, awa ndi ana a Chimimba. Onani mimbazo, palibe wokayika.' Anthu adaomba m'manja, amayi adaluluta ngati ukwati ndi wa m'mudzi mwathu, ndipo Bambo Chindevu ankapukusa akuseka, misozi ikulowa m'ndevu. Adandiuza kuti bambo awo adanyamula zitini moyo wawo wonse, akunjenjemera kuti asasokoneze ngakhale chimodzi, osadziwa kuti filimu yabwino kuposa zonse idali m'kusokonezamo.

"Chitini chenicheni chidabwera sabata ina. Mudali zoti Chimimba adapulumutsa bambo uja pamoto, basi bamboyo n'kumupatsa mwana wake. Anthu adakana. Angoni adati, 'Akwatira bwanji osapereka kanthu? Bwezerani ng'ombe!' Ndipo kuyambira pamenepo filimu imeneyo kwathu inkaonetsedwa ndi ng'ombe zake, mpaka lamba adadukaduka."

Tadala anakweza dzanja ngati ali m'kalasi. "Nanga mayi uja anali ndani?"

"Titachotsa mphasa m'mazenera ndidathamangira pakhomo kuti ndimve mawu a aliyense wotuluka. Ndinkayembekeza ntchembere. Kudatuluka kamtsikana kakafupi, kovala diresi la mkulu wake, kadandiyang'ana kuyambira kumapazi n'kunena kuti, 'Mukadzasowanso chonena mudzanditumire uthenga.' Ameneyo ndiye Nachisale, agogo ako aakazi. Tsiku limene ndidamufunsira adandifunsa kuti, 'Ng'ombe zili kuti?' Ndidati, 'Zili m'chitini.' Adati, 'Chabwino, sizidzavuta msipu.' Ndipo kuyambira tsiku limenelo mpaka tsiku limene adatisiya, ine sindidayambepo nkhani n'kuimaliza ndekha."

Anasiyira pomwepo. Ana anayang'anizana, kenaka onse pamodzi, mwaulemu wonse umene ndinawaphunzitsa, anati, "Inde agogo."

Ndinaona mapewa a agogo akutsika. Anatembenukira ku TV. Mbalame zija zinali zikadalipo, ndipo imodzi inali itaima payokha pachipale, dzira lili pamapazi, mphepo ikuiwomba. Agogo anayankhula motsitsa, ngati munthu wogogoda pakhomo limene akudziwa kuti mulibe anthu.

"Mayi uyu wasiyidwa ndi dzira. Bambo wapita kokacheza, sabwera lero."

Anadikira. Ana anangokhala manja pamiyendo. Tsono pulogalamu imeneyo ine ndinaionerapo kambirimbiri ndikusita, ndipo ndimadziwa kuti mwa mbalame zimenezi wofungatira dzira ndi wamwamuna, wamkazi amakhala atapita kunyanja kukasaka chakudya. Sindikudziwa kuti zinatuluka bwanji. Ndinangomva pakamwa panga pakukuwa kuchokera kukhitchini:

"Bodza! Ameneyo ndi bambo! Mayi wapita ku shifiti!"

Mayo ine. Ndinatsegula chitseko cha firiji n'kubisa mutu m'menemo, nkhope ikuyaka pakati pa mkaka ndi matimati. Mpongozi kunena apongozi ake kuti bodza! Mayi anga akanamva akanakwera ndege tsiku lomwelo kudzandikoka khutu.

Kenaka ndinamva kaphokoso ngati njinga yakale ikukwera chitunda, ndipo kanakula mpaka kukhala chiseko chimene ndinali ndisanachimvepo m'nyumba mwathu. Agogo anaseka mpaka kutsokomola, mpaka khanda linadzuka n'kuyamba kulira, iwo osaleka.

"Amake Tadala!" anaitana. Kanali koyamba kundiitana okha osatuma mwana. "Tulukanimo m'firijimo, muzizidwa. Pabalaza pano musafike, mwambo tisauphe wonse tsiku limodzi. Imani pakhomo la khitchini pomwepo, koma musachoke." Analoza TV ndi ambulera ya Mphatso. "Chabwino, ndi bambo. Tsono bamboyu akuti chiyani?"

Ndinakanyamula khanda n'kudzaima pakhomopo, lili paphewa, maso ndayang'ana pansi monga mwa mwambo. "Akuti, mkazi ameneyu anati shifiti ithera masana, mpaka pano?"

"Ayi, akuti dzirali likufanana ndi a kwa mkazi."

"Dzira lilibe nkhope, Grandpa!" anakuwa Tadala, n'kudzitseka pakamwa, akundiyang'ana. Ndinamugwedezera mutu kuti apitirize.

Amuna anga pobwera kuntchito anatipeza tikukangana za mbalame ina yoyenda chotsimphina, Tadala akuti yaponda chidole, agogo akuti ndi gauti ya nyama ya Khirisimasi. Anaima pakhomo ndi jekete lawo lonyowa, akuyang'ana ine, akuyang'ana bambo awo, osamvetsa kuti nyumba yalowa chiyani.

"Iwe," anatero agogo kwa mwana wawo, maso osachotsa pa TV, "tikiti ija uisiye momwe ilili. Muno muli ntchito."

Kenaka anakokera ana aja pafupi, mmodzi bondo ili, wina bondo ilo. "Mverani, adzukulu anga. Ulemu ndi chinthu chabwino, ndipo amayi anu akuphunzitsani bwino, musautaye. Koma munthu wokalamba musamangomupatsa tiyi ndi inde. Inde wambiri amagonetsa munthu asanafe. Akamayankhula muzimufunsa, muzimukoka malaya, akakometsera kwambiri muzimugwira, kuti adziwe kuti kunja kuno kukadali anthu. Ine ndakalamba, ndipo zonse ndakuuzanizi ndi zoona zokhazokha, sindinawonjezerepo ngakhale kamodzi."

Mphatso, amene Chichewa chake chonse chinali moni, zikomo ndi inde agogo, anawayang'anitsitsa, anadzaza mpweya m'chifuwa, n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse:

"Bodza!"

Agogo anamusisita pamutu.

"Uyu ndiye wamva," anatero.